Mtedza wa Pabwinja la Amayi

Mtsukowo unali waung'ono, wakuda ndi mwaye, ndipo unali ndi mng'alu pansi, choncho madzi sunkasunga. Unkakhala pa tsanja la m'khitchini, pamene utsi unkadutsa usanatuluke mu udzu wa denga. Pakamwa pake ambuya ankavundikirapo phale, n'kumata ndi dothi la pachulu. Dothilo lisanaume ankadindapo chala chawo chachikulu, kamodzi kokha, pakati penipeni. Chidindocho chinali loko wa nyumba yathu. Chitseko tinkangochikankha ndi mtengo, koma mtsuko uja unkatsekedwa ndi chala cha ambuya kuyambira mwezi wokolola mpaka mvula yobzalira. M'katimo munali mbewu ya mtedza, yosaswa, ili m'makoko ake.

Tinkakhala awiri, ine ndi ambuya, m'mudzi wina wa ku Kambombo. Atate sindinawadziwe. Amayi anamwalira ndili ndi zaka zinayi, ndipo chimene ndimakumbukira cha iwo ndi msana wotentha ndi fungo la sopo wochapira. Maliro atatha achibale anagawana zovala, mbale ndi khasu, monga mmene zimakhalira. Nyumba yawo, imene inali pokwera kumapeto kwa mudzi, inakhala yopanda munthu mpaka chiswe chinadya mitengo, denga n'kugwa. Panatsala mulu wa dothi lofiira ndi mtengo umodzi wa papaya wosabereka. Anthu ankapatcha pabwinja, ndipo ana anzanga sankasewererako ngakhale mpira.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinali mwana wosalankhulalankhula. Amalume, mchimwene wa amayi, amene ankagwira ntchito ku boma ku Chama, anandipatsa dzina loti Kamaso, chifukwa ankati ndikalowa m'nyumba maso ndiwo ankayamba kufika, mwini wake n'kubwera pambuyo. Sindinkakwiya nalo dzinalo. Kuyang'ana inali ntchito imene ndinkaidziwa bwino. Ndinkadziwa nkhuku imene ikufuna kuikira mazira kuthengo, ndinkadziwa mayi amene walira ngakhale atasamba kumaso. Manje ndimaona kuti mwana wamasiye amaphunzira kuwerenga nkhope za anthu asanaphunzire kuwerenga buku, chifukwa chakudya chake chimakhala pankhope pomwepo.

Ambuya nawo sanali munthu wa mawu. Nthano sankazidziwa, kapena sankazifuna. Mawu awo ambiri anali a ntchito: tunga, sesa, tseka nkhuku. Akafuna kundiyamikira ankangoti, "Eya." Akafuna kundidzudzula ankatinso, "Eya," koma mokoka. Anali wamfupi, wamanja olimba ngati khungwa la mtengo wa tsanya, ndipo ankayenda mofulumira kuposa atsikana.

Mtedza wawo sunali ngati wa anthu ena. Makoko ake anali aatali, opindika pang'ono, ndipo m'khoko limodzi munkakhala njere zitatu, nthawi zina zinayi. Njerezo zinali zazing'ono, zofiirira moderako, zokhala ndi timizere toyera ngati wina wazikanda ndi chikhadabo. Unkachedwa kukhwima. Anthu akamakumba wawo, wathu unkakhala udakali wobiriwira. Koma nsinjiro zake zinali zina. Ukatendera nkhwani, fungo linkafika kwa anansi, ndipo amayi a pafupi ankabwera ndi kambale, akuti adzapempha moto. Wakudya tinkausunga m'thumba, ndipo pofika mwezi wa Okutobala unkakhala utatha. Wa mumtsuko sunkakhudzidwa. Ndikukumbukira masiku amene tinkadya mango aawisi ophika, mtsuko uli pamwamba pathu, wodzaza, ambuya osauyang'ana n'komwe.

Nkhaniyi inayambira kusukulu. Tinali ndi aphunzitsi achinyamata ochokera kutauni, amene kutentha kwa kwathu kunkawasautsa kwambiri moti ankaphunzitsa atanyowetsa kansalu n'kukaika pakhosi. Tsiku lina anabwera ndi buku lazithunzi. Anationetsa kanthu kozungulira, kofiirira, kolendewera panthambi, n'kunena kuti kumayiko ozizira mtedza wawo umabereka m'mitengo, ndipo anthu amautola pansi ukagwa. Kalasi yonse inaseka. Mnyamata wina anafunsa ngati kumeneko mbatata nazonso amachita kukwera. Aphunzitsi anaseka nafe, kenako anati tisaseke kwambiri, chifukwa ngakhale mtedza wathu ndi mlendo. Anati unachokera kutsidya kwa nyanja yaikulu kalekale, unabwera m'zombo, ndipo unayenda kuchoka m'manja mwa munthu kupita m'manja mwa munthu mpaka unafika m'chigwa chathu. Anatiuza kuti tikafunse kunyumba kumene mbewu yathu inachokera.

Ndinafunsa madzulo ake, ambuya akupeta mpunga wa anthu ena umene anaupuntha kuti apatsidweko pang'ono. Ndinawauza za zombo. Sanaleke kupeta.

"Za nyanja akudziwa ndi aphunzitsi akowo," anatero. "Wanga unachokera kwa amayi anga."

Ndinaganiza kuti athera pomwepo, koma tsiku limenelo anapitiriza. Anati kubanja kwathu mwana wamkazi akamapita kukwatiwa amapatsidwa mbewu ya mtedza yodzaza manja awiri. Amayi awo anaibweretsa kuchokera kumapiri itamangidwa kumapeto kwa nsalu. Iwo anapatsidwa, ndipo nawo anapatsa amayi anga. Kenako kunabwera chaka cha chilala, munda wa ambuya unapsa wonse, mbewu yawo n'kutheratu. Amayi anga ndi amene anali atasungako. Anabwera nayo m'kambale, ine ndili kumsana.

"Ndiye uwo uli apowo," anatero akuloza ndi chibwano, "ndi wa amayi ako. Ine ndimangousunga."

Anabwerera ku mpunga wawo ngati sananene kanthu. Ine ndinayang'ana mtsuko uja mpaka khosi linawawa. Zovala za amayi zinapita, mbale zinapita, nyumba inagwa. Koma pamwamba pa mutu wanga, mu utsi, munali chinthu chimene chinadutsa m'manja mwawo ndipo chinali chamoyo.

Mlungu womwewo amalume anabwera pa njinga, fumbi mpaka m'nsidze. Anabweretsa mchere, sopo, ndi kathumba ka mbewu ya mtedza watsopano, wa njere zikuluzikulu, woswa kale. Anati umenewo umakhwima msanga ndipo ndi umene ogula amafuna.

"Amama, manje anthu anasiya kubzala tinthu tanuti. Miyezi isanu kudikirira njere ngati za mphodza?"

"Ubzale kwako," anayankha ambuya.

"Kwanga kuli munda? Kuli simenti."

"Ndiye ubzale pa simentipo."

Amalume anaseka, n'kundiyang'ana. "Kamaso, ambuya akowa ukawaika pa njinga angauze njinga kuti njira yake ndi yolakwika." Kathumba kaja anakasiya. Ambuya anakakazinga pang'onopang'ono, tinadya kwa milungu iwiri. Sindikuwanena amalume. Anali munthu wabwino amene ankaopa njala ya amayi ake, ndipo pa zambiri zimene ankanena anali wolondola.

Ndinaba mbewuyo tsiku limene ambuya anapita kuchigayo, ulendo wa tsiku lathunthu. Ndinagubuduza mtondo, n'kuugadabuza, n'kukwerapo. Mtsuko unali wofunda, wopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinagogoda dothi ndi mpeni mpaka phale linasuntha. Fungo limene linatuluka ndimalimvabe: utsi, dothi louma, ndi kafungo kena kokoma kamene kanandidzaza malovu m'kamwa. Njala ndinali nayo, koma sindinadye ngakhale njere imodzi. Ndinatapa makoko odzaza manja anga awiri, monga ananenera, n'kuwaika m'kachitini kokhala ndi chivundikiro. Kenako ndinathamangira kuchulu, ndinakanda dothi, ndinamata bwinobwino monga ndinkawaonera. Pomaliza ndinadindapo chala changa chachikulu, pakati penipeni. Ndinaona kuti ntchito yanga inali yosasiyana ndi yawo. Mwana wa maso akuthwa chotero sanaone kuti chala chake chinali ngati njere ya nyemba poyerekeza ndi cha ambuya.

Mvula yoyamba ambuya sankabzalira. Ankati imeneyo ndi yonamiza nkhuku. Yachiwiri itagwa tsiku lonse, anakumba ndi chala pabwalo, anaona kuti chinyezi chalowa, n'kunena kuti nditsitse mtsuko. Ndinautsitsa n'kuwapatsa. Anauika pamiyendo pawo n'kuuyang'ana pakamwa. Anauyang'ana nthawi yaitali, kuposa mmene munthu amayang'anira dothi. Kenako anatenga mwala, anaswa chomatacho, n'kukhuthulira mtedza m'lichero.

"Eya," anatero. Sindinadziwe ngati anakoka kapena ayi.

Tinaswa tonse awiri pakhonde. Mbewu ambuya sankaiswa mpaka tsiku loti mawa abzala, chifukwa ankati njere ikatuluka m'khoko imayamba kukalamba. Ankaswa ndi zala zokha, osati ndi mano kapena mwala, ndipo njere iliyonse yosupuka khungu ankaiika pambali. Zimenezo ndi zimene ankandipatsa kuti ndidye. Mawa lake tinabzala kumunda wathu wa kumtsinje, dothi lakuda losakanikirana ndi mchenga, kumene mtedza unkakonda. Iwo ankaboola mzere ndi kamtengo, ine n'kumaponya njere imodziimodzi n'kufotsera ndi chidendene. Mbewu inatha kutatsala mizere iwiri. Ambuya anaima, anayang'ana mizere yotsalayo, n'kunena kuti pamenepo tibzalapo nyemba.

Wanga ndinabzala masana a tsiku lotsatira, nditaweruka kusukulu. Pabwinja panali zii, kupatula njiwa. Ndinalima ndi kakhasu kanga pamwamba pa mulu uja, pamene ndinkaganiza kuti panali chipinda chogona. M'dothimo ndinapezamo chidutswa cha mbale yadothi ndi batani loyera. Ndinapanga timizere tinayi tokhota, ndinaswa makoko ndi zala, ndinabzala. Sindinapemphere. Ndinangoona kuti ndabweza chinthu kwa mwini wake.

Unamera patatha mlungu, timasamba topindana ngati manja a khanda. Ndinkapitako tsiku lililonse pochokera kusukulu, ndikudzera njira ya kuseri. Tsiku lina ndinapeza mapazi a mbuzi, ndipo mzere umodzi wakumapeto unali utadyedwa mpaka pansi. Ndinakhala pamuluwo n'kulira mopanda mawu. Ndinayesa kuzika timitengo mozungulira, koma ndinkadziwa kuti mbuzi ikungofunika kutsamira kamodzi. Kupempha munthu wamkulu kuti andithandize kunali kuulula kuba. Ndinabwerera kunyumba maso ali ofiira, ndipo ambuya atandifunsa ndinati ndi utsi, ngakhale moto unali usanakolezedwe.

Mawa lake masana ndinapeza munda wanga utatchingidwa. Nthambi za kankhande, zaminga yokowa ija imene ikakugwira sikusiya, zinali zitaunjikidwa mozungulira mulu wonse, zolukanalukana, zofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Mbali ya ku papaya kunali kampata kakang'ono, kotsekedwa ndi nthambi imodzi yoti mwana angathe kuikoka. Masamba a nthambizo anali asanafote.

Ndinaima pamenepo tsitsi likuyenda. Palibe munthu ankadziwa za mundawo. Palibe munthu ankafika pabwinja. Kutchalitchi ankatiuza kuti akufa amagona, koma ana anzanga ankanena zina, ndipo ine ndinasankha zimene mtima wanga unkafuna. Ndinadziwa kuti amayi alandira mtedza wawo. Mantha anatha, ndipo m'malo mwake munalowa chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo: kuti pali munthu amene akundiyang'ana ine, mmene ine ndinkayang'anira ena onse.

Madzulo a tsiku lomwelo ambuya anandituma kukatenga kabotolo ka mafuta a nsatsi. Anatambasula mikono yawo kuti ndiwadzoze. Inali ndi mikwingwirima yofiira kuyambira m'zala mpaka m'zigongono, ina ikutulukabe timadontho ta magazi. Anati anapita ku nkhuni. Ndinawadzoza mosamala, koma mutu wanga wonse unali pabwinja.

Miyezi iwiri yotsatira inali yokoma kuposa ina iliyonse ya ubwana wanga, ngakhale inali miyezi ya njala. Ndinali ndi minda iwiri. Kumtsinje ndinkaphunzira, pabwinja ndinkachita. Ambuya akapalira, ine mawa lake ndinkapalira wanga. Akakwezera dothi m'mizere, ndinkakwezeranso. Ndikakumbuka manje ndimaona kuti chaka chimenecho ankalankhula kumunda kuposa zaka zonse. Ankanena mokweza, ngati akuuza khasu: mtedza ukachita maluwa khasu usalowetsemo, udzu uzizula ndi manja, chifukwa duwa likagwa limatumiza kamuzu pansi ndipo mwana ali kunsonga kwa kamuzuko. Ndinkamva, n'kusunga. Maluwa achikasu atatuluka pabwinja, ndinagona chafufumimba n'kuona timizu tija tikuloza pansi, tikuboola dothi la nyumba ya amayi.

Mwezi wa Febuluwale mvula inagwa masiku anayi osaleka. Kwathu zimenezi sizinali zachilendo, koma madzi ambiri anachokera kumapiri. M'mawa wa tsiku lachisanu tinamva mkokomo ngati wa galimoto yaikulu yosafika. Anthu anathamangira kumtsinje, ife pambuyo pawo. Munda sunaoneke. Panali madzi ofiira, otakata, atanyamula mitengo yathunthu, mapesi a chimanga ndi mbuzi yakufa miyendo ili m'mwamba. Amayi ena ankalira mokuwa. Ambuya anaima manja ali kumbuyo, madzi akuwanyambita zala za kumapazi.

Madzi anaphwa patatha masiku asanu. Pamene panali mizere yathu panali mchenga woyera, wosalala ngati pabwalo losesa. Ambuya anakumba ndi manja pamalo angapo. Anatulutsa tsinde limodzi lakuda, loterera, lonunkha. Makoko anali adakali oyera, anthete, ndipo atafinya limodzi munatuluka madzi okhaokha. Analiponya pansi n'kupukuta manja pachitenje.

Amalume anabwera msewu utangouma pang'ono, akukankha njinga m'matope, atanyamula ufa. Sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale ndinaona mawuwo akuwafika pakamwa. Anangoti chaka chamawa adzabweretsa mbewu ina.

"Mtedza ndi mtedza, amama."

"Eya," anatero ambuya, mokoka kwambiri.

Anafunsa m'mudzi monse ndi midzi yoyandikana nayo ngati pali amene anasungako mtundu uja. Amene anawapatsako zaka za m'mbuyo anali atausiya chifukwa chochedwa kukhwima, ndipo mmodzi amene anabzala, munda wake unali kumtsinje komweko. Mtsuko anautsitsa, anautsuka, n'kuuvundikira pansi kuseri kwa khitchini. Kuuona uli chovundikira, pansi pamene nkhuku zinkakwerapo, kunandipweteka kuposa kuona mchenga uja.

Pabwinja madzi sanafike. Mtedza wanga unali wobiriwira, utatambalala mpaka kukhudza minga. Ndinkadziwa kuti m'dziko lonse mtundu wa amayi watsala pamenepo pokha, ndipo ndinakhala chete masiku asanu ndi limodzi. Ndimachita manyazi kunena zimenezi, koma ndi mmene zinalili. Ndinkaopa kutchedwa wakuba m'nyumba imene inandilandira. Ndinkaopanso china, chimene sindikanatha kuchitchula: kuti ndikabweretsa munthu wamoyo pabwinja, amayi adzaleka kubwera. Masiku onsewo ambuya sanandifunse kanthu. Nthawi zina ndinkawapeza akundiyang'ana, ndipo ndikawayang'ana ankatembenukira ku ntchito yawo.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri linali Lamlungu. Titabwera kutchalitchi anakhala pakhonde osavula nsalu yawo yoyera ya kumutu, manja ali pamiyendo, opanda chogwira. Sindinawaonepo manja amenewo ali chabe. Ndinaima patsogolo pawo.

"Ambuya, ndinaba."

"Unaba chiyani?"

"Mbewu. Mumtsuko."

"Unadya?"

"Ayi. Ndinabzala."

Anaimirira nthawi yomweyo. "Tiye."

Anatsogola ndi iwo. Ndinaziona zimenezo, chifukwa ndinkaona zonse: anadzera kuseri kwa khola, anakhota pa mtengo wa mango, anatenga kanjira kanga ka mu udzu, osandifunsa kuti ndi kuti. Atafika anazungulira mpaka ku papaya n'kukoka nthambi ya pakampata. Ndinaziona, n'kuziika pambali, monga mwana amaikira pambali chinthu chimene chilibe malo m'nkhani imene wadziuza kale.

Analowa chowerama, minga ikuwakoka chitenje. Anagwada, anapatula masamba, analowetsa zala m'dothi pansi pa tsinde limodzi n'kupapasa osazula. Anakhala chomwecho nthawi yaitali, nkhope ili pansi. Mapewa awo anagwedezeka kawiri. Atadzuka anamina, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

"Wabzala mothithikana," anatero. "Mizere yokhota ngati njira ya woledzera." Anayang'ananso. "Koma wabereka."

Za kuba sanazitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Kuyambira pamenepo tinkapitako awiri, poyera. Anthu a m'mudzi anayamba kudutsako kudzaona, ndipo pabwinja panaleka kuopsa. Aphunzitsi nawo anafika tsiku lina, kansalu kawo kali pakhosi. Ndinali ndisanayankhe funso lawo lija m'kalasi, chifukwa sindinkakweza dzanja. Anaima kunja kwa minga, ambuya n'kuwauza mwachidule za nsalu ya amayi awo ndi kambale ka amayi anga. Aphunzitsi anamvetsera, n'kunena kuti m'buku lawo mulibe zimenezo. Ambuya anati buku silinafunse.

Adani anali ambiri. Nkhanga zinkafukula m'mbali, mbewa zinkabowola pansi, ndipo chiswe chinadya mapesi atatu. Ambuya anathira phulusa, anatchera misampha, ndipo ine ndinkakhala pamulu ndi chitini cha miyala mpaka dzuwa kupendeka. Tinadikira miyezi yonse isanu. Masamba atayamba kuchita mawanga ndi kuyoyoka, ambuya anazula tsinde limodzi, anaswa khoko, anaona kuti m'kati mwake mwada, n'kunena kuti wakhwima.

Tinakumba m'mawa umodzi wokha. Tinauyanika chogadamitsa, makoko ali m'mwamba, kenako tinathothola. Wonse unadzaza lichero limodzi, osasefukira. Ambuya anasankha khoko lililonse palokha, akuligwedeza pakhutu kuti amve ngati njere zikulira. Opanda kanthu anataya. Otsalawo analowa mumtsuko, umene anautsukanso n'kuuyanika padzuwa, ndipo anafika pakati pokha. Chaka chimenecho sitinalawe ngakhale njere imodzi ya mtedza wathu. Nsinjiro tinkadya za mtedza wa amalume, umene ankabweretsa mwezi ndi mwezi osanenapo kanthu, ndipo ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa ndi thumba lawo limene linateteza mtsuko uja ku njala yathu.

Atamata phale ndi dothi la pachulu, ambuya anandisunthira mtsuko.

"Dinda."

Ndinawayang'ana.

"Dinda, iwe. Si unayamba kale?"

Ndinadinda. Iwo anadinda chawo pambali pa changa, zala ziwiri pa dothi limodzi, chachikulu ndi chaching'ono.

Ambuya anamwalira ndili ndi mwana wanga woyamba. Mtsuko unasweka posamuka, koma mbewu ilipo. Ndimakhala ku Chama manje, ndipo kuseri kwa nyumba ndili ndi mizere yochepa ya mtedza wa timizere toyera, umene anansi amaunena kuti ndi wochedwa mpaka tsiku limene ndatendera nkhwani. Ndinagawirako anthu ambiri, ena a ku Tembwe, ndipo aliyense ndimamuuza kuti asabzale wonse pamalo amodzi. Mwana wanga wamkazi adzatenga wodzaza manja awiri, kaya akwatiwa kaya sakwatiwa.

Chaka choyamba chimene ndinalima pandekha, mbuzi za anansi zinandivuta, ndipo ndinapita kukadula kankhande. Ndinakoka nthambi, ndinaluka mpanda, ndinabwerera kunyumba. Ndikusamba, madzi anandiluma m'mikono. Ndinayang'ana: mikwingwirima yofiira kuyambira m'zala mpaka m'zigongono. Ndinakhala pansi m'bafa momwemo, mayi wamkulu wa mwana, ndipo sindinathe kudzuka kwa nthawi yaitali. Ambuya anali atagona kale m'manda zaka ziwiri.

Ndinakumbukira tsiku lija limene tinathothola mtedza pabwinja. Titamaliza, tinayamba kuphwasula mpanda kuti tiutenthe. Nthambi zinali zitauma, minga ili yakuthwabe. Ndinali wokondwa, ndipo kukondwako kunanditsegula pakamwa. Ndinawauza chinsinsi changa chomaliza, chimene ndinkachisunga kuposa cha kuba. Ndinati mpandawu sindinamange ine. Ndinati ndinangoupeza, ndipo ndikudziwa kuti anamanga ndi amayi.

Ambuya anaima, nthambi ili m'manja. Anandiyang'ana, anayang'ana mulu wa dothi lofiira, anayang'ana papaya uja. Ndinadikira kuti andidzudzule, anene kuti akufa amagona.

"Eya," anatero, osakoka. "Amayi ako ankadziwa kutchinga."

Anaponya nthambiyo pamoto. Ine ndinanyamula lichero pamutu n'kutsogola, ndikuyenda pang'onopang'ono kuti khoko ngakhale limodzi lisagwe, ndili wotsimikiza kuti ndaona zonse zimene zinachitika chaka chimenecho.